Mzere wanga wa QRSS pa 137 kHz ukupindika ngati nthochi, ma MOSFET nawo akupsa

WaKuNtcheu_Leeds analemba:

Abale a mawaya, ndagwira njakata. Mayi a kunyumba ayamba kundifunsa ngati fungo la kupsa mu shedi muja ndi gawo la masewerawa. Ndifotokoze zonse bwinobwino kuti musachite kundifunsa kawiri.

Ndimakhala ku Leeds, laisensi yanga ya wailesi ya amateur ndi ya Ofcom, bungwe loyang'anira za mawailesi kuno ku UK. Zaka zapitazi ndinkangocheza pa ma band a 40 m ndi 20 m ngati anzanga onse, koma chaka chatha mtima unanditsitsira pansi penipeni, pa 2200 m, kuchokera 135.7 kufika 137.8 kHz. Band yonseyo ndi 2.1 kHz basi, yopapatiza kuposa malo amene mawu a munthu mmodzi amadya pa SSB. Mlongoti wa quarter wave ukanafuna mamita 550, pamene kuseri kwa nyumba yathu ukayima pakhomo mpanda umaukhudza ndi tsache. Ndiye ndili ndi waya wokwera mamita 9 pa ndodo ya fibreglass, pamwamba pake mawaya awiri opingasa, wina wopita ku chumuni wina ku mtengo wa neba. Neba analola nditamupatsa botolo la Nali. Koyilo ndinakulunga pa ndowa ya pulasitiki, pafupifupi 6.7 mH. Ndikaika 100 W, ammeter ya pa mlongoti imaonetsa 1.1 A, ndipo masamu anga akuti zopita mumlengalenga sizifika ngakhale 0.05 W. Malire a 1 W amene laisensi imalola pa band imeneyi sindidzawaona ndi maso.

Chimene ndikufuna ndi beacon, kawailesi kongotchula callsign yanga mobwerezabwereza pa 137.75 kHz madzulo ndikakhala pakhomo. Ndikugwiritsa QRSS30. Kwa amene simunakumane nayo, ndi Morse yomweyo koma yochedwetsedwa mpaka khutu silingaimve: kadontho masekondi 30, kamzere masekondi 90. Chilembo Q chokha chimadya mphindi 6 ndi theka. Wolandira samvetsera, amaona pa kompyuta kudzera mu Argo kapena Spectrum Lab, ndipo chizindikiro chimatuluka ngati timizere toyera pakati pa phokoso.

Zipangizo zili motere. Arduino Nano ikulamula kabodi ka Si5351A, kopanga frequency, kokhala ndi crystal ya 25 MHz, ka mtengo wotsika kaja. Si5351A ikutulutsa 275.5 kHz, 74HC74 ikugawa pawiri kuti mbali zonse ziwiri zikhale zofanana, kenako TC4427 ikukankha ma MOSFET awiri a IRF540 mu push-pull class D pa 24 V, kenako low-pass filter. Zonsezi zili m'bokosi limodzi la chitsulo. Kiyi ndimapanga mu code: nthawi yoti chizindikiro chizime, Arduino imauza Si5351A kuti itseke CLK0, mwendo wake wotulutsira frequency.

Vuto loyamba. Mnzanga wina wa kufupi ndi York, amene receiver yake ndi yomangidwa ku GPS, amanditumizira zithunzi. Mizere ya anthu ena ndi yowongoka ngati yojambulidwa ndi lula. Wanga kamzere kalikonse kamayamba pamwamba n'kumatsika mokhota ndi 0.3 Hz, kenako kotsatira kamayambanso pamwamba. Iye amati ndi nthochi za ku Leeds.

Vuto lachiwiri. Ndili pa power supply ya pabenchi zinthu zinkayenda, kungoti kiyi ikazima kanyali kofiira ka CC, koonetsa kuti current yafika pa malire, kankayaka. Ndinkati ndi misala yake. Sabata yatha ndinasamukira pa mabatire awiri a galimoto kuti ndisamamve kulira kwa fani. Kadontho koyamba kanatuluka bwino, kiyi itangozima, phu! IRF540 imodzi yasweka pakati. Ndinasintha onse awiri, ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndatsala ndi awiri okha m'kabati ndipo sindiwayika mpaka wina andiuze chikuchitika n'chiyani.

MdalaWaMavalavu anayankha:

Aphwanga a ku Ntcheu, kanyali kofiira kaja kadakuchenjezani, inu simudamve. Ine ndidagwira ntchito yokonza ma transmitter zaka zambiri ndisanapume, ndipo chida chikayamba kuchita chinthu chachilendo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, chimenecho si misala.

74HC74 yanu ili ngati amayi awiri osinja mtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake watsitsa. Mwendo wake wotulutsira wotchedwa Q ukakhala pamwamba, mnzake ali pansi, ndipo sizitheka kuti onse akhale pansi limodzi. Inu mukatseka CLK0 mwaletsa nyimbo yosinjira, koma munsi umodzi watsala mumtondo. Ndiye kuti MOSFET imodzi yatsala yotseguka masekondi 30 athunthu, ndipo pakati pa batire ndi nthaka pali mapindi ochepa chabe a waya wa kopa wa thiransifoma. Kwa DC, waya umenewo ndi shoti. Power supply ya pabenchi inkakupulumutsani chifukwa ikafika pa malire ake imagwetsa voltage yokha. Batire ya galimoto ilibe chisoni chotero, imapereka zonse zimene mwapempha.

Clock musamayimitse. Isiyeni izithamanga usana ndi usiku, kiyi muyike kumene 74HC74 imatulutsira. Tengani 74HC08, ma gate awiri: imodzi ilandire Q, ina ilandire mnzake wa Q, ndipo miyendo yotsalayo muilumikize pamodzi ku waya wa kiyi. Kiyi ikazima, ma MOSFET onse awiri atsekeka. Pa waya wa kiyiwo ikanipo resistor ya 10k yopita pansi, chifukwa Arduino ikamadzuka miyendo yake imakhala ikuyandama kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko n'kokwanira kuphera transistor. Theka lina la 74HC74 likungokhala, mutha kudutsitsamo kiyi kuti izilowa ndi kutuluka pa malo amodzimodzi a funde nthawi zonse. Fyuzi ya 7.5 A pa waya wa batire, chonde. Fyuzi ndi yotchipa kuposa shedi.

Tsono nkhani imene simudafunse. Kudula drive mwadzidzidzi chotero kumabala ma click. Pa QRSS30 amabwera kamodzi pa theka la mphindi, anzanu angoona kamzere koimirira pa waterfall, chithunzi cha pa kompyuta chija, n'kukhululuka. Koma tsiku limene mudzaike callsign ya Morse wamba ya 12 wpm kumapeto, adzakudandaulani. Musaganize kuti mlongoti ukusefa. Koyilo yanu ili ndi reactance ya pafupifupi 5,800 ohm, ndipo 100 W pa 1.1 A ikutanthauza kuti zotayika ndi za m'ma 80 ohm. Q ya mlongoti, muyeso wa kusefa kwake, ndiye ili cha m'ma 70, m'lifupi mwake pafupifupi 2 kHz, ndiye band yonseyo. Zonse zonyansa zikudutsa.

Class D ili ndi ubwino umodzi pamenepa: mphamvu yotuluka imatsatira voltage ya supply. Ikani P-channel MOSFET yamphamvu pa waya wa 24 V, ndi resistor ndi capacitor zoti voltage izikwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ma millisecond 5 kapena 10. Dongosolo lake: drive iyambe, kenako voltage ikwere; pozima voltage itsike, kenako drive ileke. Imangotentha pa nthawi yokwera ndi yotsikayo basi.

Ndipo musadzayerekeze kuika relay ku mbali ya mlongoti. Pamwamba pa ndowa yanuyo pali ma volt oposa 6,000. Ana ndi mphaka asamayandikire.

NaMaHertz anayankha:

Achimwene, za utsi a mdala amaliza, sindiwonjezerapo. Ine ndilankhule za nthochi, chifukwa ndinadyapo zanga kuno ku Manchester pa 630 m.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa anthu amachita mantha ndi LF, ma frequency apansiwa, pachabe. Crystal ikasuntha ndi 1 ppm, gawo limodzi pa miliyoni, pa 137.75 kHz mwasuntha ndi 0.138 Hz yokha. Ndiye 0.3 Hz yanuyo ndi 2 ppm ndi kapamwamba, kutanthauza kuti crystal ya 25 MHz ikuyenda ndi ma Hz oposa 50 mkati mwa masekondi 90. Crystal wamba sichita zimenezo yokha m'chipinda chabata. Pali chimene chikuiwotha moto nthawi iliyonse mukayatsa kiyi, n'kuisiya kuti izizire mukazimitsa. Mwanena nokha kuti zonse zili m'bokosi limodzi. Ndikukayikira heatsink ya ma IRF540, regulator yotsitsa 24 V kufika 5 V ngati ili pafupi, komanso Si5351A yeniyeniyo, imene imasintha magetsi omwe ikudya mukamatsegula ndi kutseka CLK0, pamene crystal yagona pambali pake penipeni.

Mukanakhala pa QRSS3, ya kadontho ka masekondi 3, palibe akanaona kukhotako, chifukwa kumeneko kompyuta imayang'ana m'timipata ta pafupifupi 0.3 Hz. Pa QRSS30 timipatato timachepa kakhumi. Mphamvu yanu yochepa kaleyo ikumwazika m'timipata khumi m'malo mounjikana m'kamodzi. Ku York akukuonani chifukwa ndi pafupi. Wa kutali, amene mukumufuna kwenikweniyo, sakuona kalikonse.

Choyamba chotsani oscillator m'bokosimo, ikhale ndi kabokosi kake ndi regulator yake, ilumikizane ndi amplifier kudzera pa coax. Chachiwiri, ngati thumba likulola, chotsani crystal muyike TCXO, oscillator yodzikonza yokha kutentha kukasintha, ya 25 MHz ya 0.5 ppm. Chachitatu ndi GPS. Ka module ka u-blox kamatulutsa pulse imodzi pa sekondi. Uzani CLK2 kuti izitulutsa 2.5 MHz, ilowe mu Timer1 ya Nano, muwerenge kwa ma pulse 40. Mukuyenera kupeza 100,000,000. Kusiyana kwa nambala imodzi ndi 0.01 ppm, ndiye pa band yanu ndi kachidutswa kochepera 0.002 Hz. Koma kukonzako muzipanga pakati pa uthenga ndi uthenga, osati mkati mwa chilembo. Ine ndinalakwitsa pamenepa, nthochi zinatha koma m'malo mwake munabwera masitepe.

Komanso bwanji osayesa DFCW? Kadontho ndi kamzere zimakhala zotalika mofanana, zimangosiyana frequency, kamzere pamwamba kadontho pansi, ndi kampata kakang'ono pakati kuti zofanana zisamatane. Q yanu ya mphindi 6 ndi theka imatha m'mphindi zosakwana 3. Ndipo popeza amplifier imakhala yoyaka pafupifupi nthawi yonse, kutentha sikukwera ndi kutsika kwambiri.

Misampha ndi iwiri. Muli ndi 74HC74 yogawa pawiri, ndiye chilichonse chimene mukufuna pa mlongoti muchichulukitse kawiri pa Si5351A. Mukafuna kusiyana kwa 0.2 Hz, lembani 0.4. Mukadzapita ku WSPR, njira ya ma beacon yowerengedwa ndi kompyuta, ma tone ake anayi amatalikirana 1.4648 Hz, inu mudzalemba 2.93 Hz. Mukaiwala, pa waterfall zidzaoneka bwinobwino koma palibe adzakuwerengeni. Wachiwiri, posintha frequency musamapange reset ya PLL ya mkati mwa Si5351A, imadumphitsa chizindikiro. Ma divider akhale osasuntha, muzingosintha fraction ya PLL. Mwachitsanzo PLL pa 881.6 MHz, gawani ndi 100, kenako R divider ya 32, mwapeza 275.5 kHz. Sitepe yaing'ono kwambiri ya PLL ndi pafupifupi 24 Hz, koma ikagawidwa ndi 6,400 imafika pa mlongoti ili 0.004 Hz. Kusalala kumeneko n'kokwana ngakhale FST4W, mnzake wa WSPR, ya masekondi 1800, imene ma tone ake amatalikirana 0.089 Hz, ngakhale kuti pofika kumeneko TCXO yokha siyokwana.

Kamlongoti_Zomba anayankha:

Pepani akuluakulu, ine ndine womvetsera chabe, laisensi ya 7Q, ya ku Malawi, sindinatenge, ndikusonkhanitsabe za ku MACRA. Ndili ndi loop ya mita imodzi yokulunga pa mtanda wa matabwa ndi ka SDR, kawailesi kolumikiza ku kompyuta. Chimene ndimasaka usiku ndi ma NDB a ndege, aja amangotchula zilembo zawo mu Morse pakati pa 200 ndi 500 kHz. Kuno nyengo ya mvula pansi apa sipamveka kanthu, ziphaliwali zokhazokha, ngati munthu akukazinga chimanga m'khutu. June ndi July ndiye kumakhala bata. Chodabwitsa, magetsi akazima dera lonse ndiye ndimamva bwino, mpaka aneba ayatse ma inverter a sola.

Funso langa ndi lakuti, a ku Leeds akakonza zonsezi, ine ndingawaone kuno?

MdalaWaMavalavu anayankha:

A ku Zomba, ndi mphamvu yosafika 0.05 W pa mtunda woposa makilomita 8,000, musadzivutitse ndi kugona mochedwa. Yambani mwasaka siteshoni ya DCF39 ya ku Germany pa 138.83 kHz, imene ili ndi ma kilowatt makumi angapo. Mukaiona imeneyo mobwerezabwereza, tidzakambirane za amateur. Koma musaseke kuchedwa kwa QRSS. Mu 2001 wa ku England ndi wa ku Canada adalumikizana mbali zonse ziwiri kudutsa Atlantic pa band yomweyi, ndipo kucheza kwawo kumodziko kudatenga masabata awiri. Kuthamanga sikufika, adatero akale.

Achemwali a ku Manchester, masamu anu ndi oona, koma pa GPS ndikutsutsani pang'ono. Munthuyu akufunikira mzere wowongoka, osati wokhala pa malo enieni mpaka kachidutswa. Kaya ali pa 137.7500 kaya 137.7502, palibe amene angadandaule. GPS imakonza pamene mzere uli, siichiritsa kutentha kwa masekondi 90. Ife kale crystal tinkaisunga mu uvuni wake wosazima. Aphwanga, tengani fulasiki yakale ya tiyi yokamwa kwakukulu, mulowetsemo kabodiko, mutseke ndi thonje, muyatse ola limodzi musanayambe kutumiza. Mukaona zotsatira ndiye muganize zogula zina.

NaMaHertz anayankha:

Pamenepo sindikana, abambo. Fulasiki iyambe. GPS idzafunika tsiku limene adzafune WSPR, chifukwa kumeneko uthenga umayamba pa mphindi za even ndipo wotchi ikaphonya ndi masekondi angapo wataya mwayi wonse. Ndipo Nano zambiri zimayendera ceramic resonator, millis() yake siyodalirika pa masekondi 110 a uthenga wa WSPR.

WaKuNtcheu_Leeds anayankha:

Ndabweranso, masiku 9 apita. Zikomo kwambiri a mdala, zikomo achemwali.

Ndinayamba ndi kutsimikiza nkhani ya munsi ija ndisanayike ma MOSFET. Ndinatseka CLK0 monga kale n'kuyeza miyendo ya TC4427 ndi mita. Umodzi 12 V, wina 0. Ndinayesa kakhumi, nthawi zina kumanzere nthawi zina kumanja, koma nthawi zonse umodzi uli pamwamba. Manyazi anandigwira, chifukwa mitayo inali pabenchi pomwepo masabata onsewa. Panopa 74HC08 ilipo, resistor ya 10k ilipo, fyuzi ilipo. Awiri omaliza aja akugwira ntchito pa batire usiku wachisanu tsopano, heatsink ikungofunda.

Za nthochi, wolakwa wamkulu sanali heatsink monga ndinkaganizira. Inali 7805 imene ndinaimangirira pakhoma la bokosi, masentimita atatu kuchokera pa crystal. Imadyetsa Nano, Si5351A komanso ka relay koyatsa fani, kamene ndinakalumikiza kuti kaziyaka limodzi ndi kiyi. Kiyi ikayaka relay ikukoka magetsi, 7805 ikugwetsa 19 V yonse n'kumatentha, fani nayo ikuuzira mpweya wofunda molunjika pa crystal. Ndinadzipangira ndekha uvuni woyaka ndi kuzima motsatira Morse.

Fulasiki ndinapeza mu charity shop pa mapaundi awiri, ya supu, yokamwa kwakukulu. Kabodi kali mkati, mawaya akutulukira pa chivindikiro chimene ndinaboola, regulator yake ili panja. Clock sikuzimanso. Chithunzi cha ku York cha dzulo: kamzere kalikonse n'kowongoka, sindikuonanso kukhota. Chimene chatsala ndi kutsetsereka pang'onopang'ono usiku wonse, pafupifupi 0.1 Hz kuchokera 8 koloko madzulo kufika pakati pa usiku, shedi ikamazizira. Mnzangayo akuti zimenezo sizisokoneza kuwerenga. TCXO ndayitanitsa komabe, ndipo GPS idikire malipiro a mwezi uno.

DFCW ndinayesa Lachinayi ndi masekondi 30, kusiyana 0.2 Hz. Achemwali, munandichenjeza momveka bwino za kuchulukitsa kawiri, ndinawerenga, ndinagwedeza mutu, kenako ndinalemba 0.2 mu code. Ku York anaona 0.1 Hz, timizere tapamwamba ndi tapansi tikuchita kukhudzana. Ndakonza. Callsign yonse tsopano ikutha nthawi yosafika theka la ija yakale, ndiye ikubwereza kambiri usiku umodzi, ndipo Loweruka inaoneka pa grabber ina ku Netherlands, receiver yoika zithunzi zake pa intaneti, zilembo zinayi zomveka bwino, zotsalazo zomira m'phokoso. Ndinadzutsa mayi kuti adzaone. Anayang'ana, anati "timizere timeneti ndi timene mwawotchera ndalama?" n'kubwerera kukagona.

P-channel ya ma click sindinayike, ndilibe yoyenera m'kabati, ndiye Morse wamba ndayamba ndaichotsa mu code.

A ku Zomba, a mdala anena zoona, musandidikire. Koma mukaiona DCF39 mu June mudzatiuze nthawi yake ndi mmene loop munailozetsera.

Tsopano pali china chatsopano. Mvula ikagwa, ndipo kuno imagwa ngati ili pa ganyu, ammeter imatsika kuchoka pa 1.1 A kufika 0.7 A mkati mwa mphindi zochepa. Ndikatuluka ndi tochi, nditazimitsa kaye, n'kupotoza kakoyilo kam'kati mwa ndowa, imabwerera pafupi ndi 1 A koma osafika pakale. Ndikuganiza zoika ka motor pa variometer, kakoyilo kopotozako, kuti Nano izidzipotozera yokha. A mdala, kuti idziwe mbali yopotozera, ndiyeze phase pakati pa voltage ndi current pa coax, kapena ingosaka pamene current yakwera kwambiri? Ndipo gawo lotayikalo, ndi mtengo wa neba wonyowa kapena ma insulator anga a paipi ya PVC?